Mana Analibe Mkute: Kudalira Mulungu M'banja Tsiku ndi Tsiku

[Chithunzi: holo ya ukwati anthu atabalalika, anyamata akupakira mipando mu lole]

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za Lolemba. Ukwati mwamanga Loweruka, perekaniperekani wayenda bwino, Lamulungu mwakaonekera kutchalitchi mutavala zofanana. Lolemba alendo abwerera kwawo, wa zokongoletsa holo akuimba foni kufuna ndalama yake yotsala, m'nyumba mwatsala awiriwiri. Kodi chikhulupiriro chimagwira ntchito yanji kuyambira pamenepo?

Tiyambire kuchipululu, pa Eksodo 16.

[Pa sikirini: Eksodo 16:14-35]

Aisraeli anali atangotha mwezi umodzi chitulukire mu Igupto pamene njala inawapeza m'chipululu cha Sini, nayamba kukumbukira miphika ya nyama imene anasiya. Mulungu anawapatsa mana, koma ndi malamulo ake. Ankagwa m'mawa, dzuwa likatentha n'kusungunuka. Munthu aliyense ankatola muyeso umodzi, omeri, malita awiri kapena kupitirira pang'ono. Ndipo Mose anawauza kuti asasiyeko wa mawa. Ena sanamvere, monga mmene ine ndi inu tikanachitira, pakuti ndani amene wadziwa njala n'kusiya kusunga? Kutacha anapeza mphutsi, fungo lili guu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola miyeso iwiri chifukwa cha Sabata. Zinayenda choncho zaka 40.

Ife kwathu kuno nsima ikatsala timavundikira, mawa ana n'kudya mkute. Mana analibe mkute. Ndipo Yesu pophunzitsa kupemphera, pa Mateyu 6:11, anabwerera pomwepo: "Mutipatse ife lero chakudya chathu chalero."

Mabanja ambiri achikhristu amafuna kudyera mkute wa tsiku la ukwati. Tinalumbira pamaso pa abusa, anatidalitsa, mtchatho tili nawo, basi zatha. Malumbiro aja ndi enieni, sitikuwapeputsa. Koma kuleza mtima kumene munali nako tsiku lija sikungakuthandizeni Lachitatu la mu Januwale, fizi ya ana isanakwane, feteleza wa kubereketsa musanagule, ufa uli pansi pa ndowa. Kuleza mtima kwa tsiku limenelo muyenera kukatola m'mawa wa tsiku lomwelo.

Nanga kutolako kumaoneka bwanji?

Tiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi pamene mapemphero ambiri a m'banja amathera m'malere. Pemphero lija likuti "mutipatse ife", osati ine. N'kovuta kugwada limodzi kupempha chakudya cha lero pamene bambo ali ndi ngongole ya katapila imene mayi sakuidziwa, kapena mayi atenga ndalama ku banki m'khonde mwakachetechete, tsiku lobweza likuyandikira. Mungapemphere mokweza bwanji, mmodzi wa inu akupempherera nkhani ina imene mnzake sakuidziwa. Ine ndimaona kuti kudalira Mulungu kumayambira pa tebulo: ndapeza zakuti, ndili ndi ngongole yakuti, kumudzi apempha zakuti. Mukatero ndiye mupemphere. Mphindi zisanu zikwana. Ndipo musaiwale, mana ankagwa okha koma sankalowa okha m'hema. Munthu ankadzuka, n'kutenga chotengera.

[Pa sikirini: Aefeso 4:26]

Kenako mkwiyo. Paulo akuti, "dzuwa lisalowe muli chikwiyire." Sakuletsa kukwiya, akuuikira malire. Mukudziwa mmene zimakhalira: chakudya chaikidwa patebulo popanda mawu, uthenga ukudutsira mwa mwana, "kawauze bambo ako madzi afunda", pabedi aliyense wayang'ana khoma lake. Sabata yatha. Lamulungu nonse muli mukwaya. Sikuti nkhani iliyonse ithe dzuwa lisanalowe, zina n'zazikulu, zimafuna ankhoswe. Koma mawu akuti "sitinamvane, tikambirana mawa, komabe ndiwe wanga" angathe kunenedwa usiku womwewo.

Apa ndiime pang'ono, abambo anzanga. Pa chilangizo ndime imene imawerengedwa mwamphamvu ndi Aefeso 5:22, akazi mverani amuna anu. Kwerani mzere umodzi pamwamba: ndime 21 ikuti muzimverana wina ndi mnzake m'kuopa Khristu. Tsikani pa ndime 25: mwamuna akonde mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo, nadzipereka yekha chifukwa cha iwo. Ndipo 1 Petro 3:7 akuchenjeza kuti mwamuna wosalemekeza mkazi wake, mapemphero ake amatsekerezeka. Ndiye mutha kuchezera kuphiri usiku wonse, koma ngati mayi kunyumba mwawasiya akulira, Petro wanena kale za pemphero lanulo.

Pali mawu amene alangizi amakonda: banja ndi kupirira. Ndi oona pa umphawi, pa matenda, pa zaka zodikira mwana apongozi akufunsa mafunso. Si oona pa zibakera. Kumenyedwa si mtanda umene Mulungu wakusenzetsani. Ku Malawi kuli lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Kupita kumeneko sikutaya chikhulupiriro, ndipo mkulu wa mpingo amene angakuuzeni kuti bwererani mukangopemphera, moyo wanu uli pachiswe, walakwitsa.

Nanga amene mwamuna ali ku Joni, mkazi ali ku Mangochi kapena ku Mzimba? Kapena mkazi ali ku Britain akusamalira okalamba, bambo atsala ndi ana? Kumeneko mkute umatha msanga. Foni ikasanduka ya "mwatumiza zingati" basi, banja layamba kuzizira. Gwirizanani ola, ngakhale bandulo ili yochepa. Uthenga wa mawu pa WhatsApp wa mphindi imodzi, salimo lomwelo aliyense awerenge kumene ali, ndipo munene zoona za tsikulo, kuphatikizapo zoti kusungulumwa kwakula ndipo mayesero alipo.

Chomaliza, ankhoswe. Ambiri timawakumbukira mbale zitasweka kale, mkazi atalongedza. Pa chinkhoswe paja sanapatsane tambala ndi msoti kuti azidikira milandu yokha. Aimbireni zinthu zili bwino, aitaneni adzadye nanu. Ndipo ngati mumpingo mwanu muli banja limene latha zaka 30 likuyendabe limodzi, pitani mukakhale nawo madzulo amodzi, muwafunse za chaka chimene chinawavuta kwambiri, ndi zimene ankachita kukacha.