Makalata a omvera: "Kodi ine ndine chilombo?"

Kalata yoyamba yalembedwa ndi pensulo pa pepala la kope. Yachokera kwa bambo wina amene ali kundende, anapatsira mlongo wake atapita kukamuzonda. Akuti:

"Achimwene a pawailesi, anandilamula zaka 6 chifukwa ndinavulaza mphwanga pa mkangano wa malire a munda. Akatitsekera dzuwa likadalipo, timakhala pa shamba, wina kutsamira maondo a mnzake mpaka kucha. Tulo palibe, ndiye ndimangodzitukwana mumtima. Sabata yatha mnyamata wina anandiponda phazi pamzere wa nsima, ine n'kumugwira pakhosi. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, ndiye anatileretsa. Kodi ine ndine chilombo?"

Achimwene, chilombo sichikhala pansi n'kulemba kalata yotereyi.

Phazi linapondedwa masana, koma ine ndikuona kuti ndewuyo inayamba usiku, muja munkadzitukwana. Munthu akagona akudzitcha galu amadzuka mano ali pamtunda. Khothi linazenga kale mlandu wanu, nanga inu mukuuzengeranji usiku uliwonse? Nenani mumtima kuti "ndinavulaza mphwanga, ndinalakwa," mulekere pomwepo. Mawu oti "ndine wachabechabe" aja musawonjezere, sachiritsa bala la mng'ono wanu. Mnzanu wa m'selo atakuuzani nkhani ngati yanuyi, mukanamutukwana? Mawu amene mukanamuuza iye, dziuzeni nokha.

Zinanso si mlandu wanu. Mu 2009 khothi linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa akaidi. Munthu wosagona, wodya kamodzi patsiku, mtima umafupika. Dziwani zimenezo kuti muzichenjera nthawi ya pamzere.

Tsono masamu awa. Lamulo limalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Pa zaka 6, ndi zaka 2 zathunthu, ndipo ndewu ikhoza kukudyerani ena mwa masiku amenewo. Dzanja likayamba kuyabwa, libiseni kumbuyo, mukumbukire zaka 2 zija. Ngati kuli sukulu kumeneko lembetsani, anzanu amalemba MSCE ali momwemo. Kapena kwaya; paja akaidi a ku Zomba nyimbo zawo zinakapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016.

Kalata ina ndi ya mayi a ku Ntcheu, ndipo sanazungulire: "Mumawanyengerera akaidi. Ine mbuzi zanga anandibera zonse, chifundo changa chili kuti?"

Pepani mayi, khola lopanda kanthu limawawa, ndipo sindikuti wakubayo asalangidwe. Koma tsiku lina adzatuluka n'kudutsa pafupi ndi khola lanulo. Ine ndingakonde adutse munthu amene anaphunzira kudzigwira.

Achimwene aja, mlongo wanu akabweranso mumupatsire kalata yopita kwa mphwanu. Angakhale osayankha, inu lembani basi. Timve kaye nyimbo, makalata ena akubwera.