Masiku 70 Akakwana Amamasulidwa? Zoona Zake za Speedy Trial Act

Moni nonse, mwabweranso! Dinani kaye batani la subscribe lija, salipiritsa.

Lero tili ku America, m'makhothi a boma lalikulu la federal. Tithamange. Choyamba: lamulo la Speedy Trial Act la 1974, lofuna kuti milandu izizengedwa mwachangu, limati munthu akamangidwa, pasanathe masiku 30 boma limutsegulire mlandu. Chachiwiri: mlandu ukatsegulidwa ndipo iye waonekera pamaso pa jaji, kuzenga kuyambe pasanathe masiku 70. Zimenezo zatha.

Chachitatu ndiye pagona nkhani, ndipo ena mwandilemetsa nazo m'makomenti. Akuti masiku 70 akangokwana, munthu anyamule chikwama azipita kwawo. Bodza lamkunkhuniza! Wotchi imeneyi imaima, abale anga. Loya akangopereka pempho kukhothi, tinene lokana umboni umene apolisi anapeza posecha nyumba, masiku oyembekezera kuti pempholo limvedwe sawerengedwa.

Ndiye tabwerani ku milandu yopangana kugulitsa mankhwala osokoneza bongo. Kumeneko oimbidwa mlandu amakhala gulu, ndipo kawirikawiri onse amayendera wotchi imodzi. Inu mwakonzeka, loya wanu wakonzeka, koma mnzanu wina wagwidwa mochedwa, wina wasintha loya. Mudikira basi. Kuwonjezera apo pali mulu wa umboni: mafoni amene apolisi ankamvetsera mobisa miyezi yambirimbiri, mauthenga, mapepala a kubanki. Jaji akaona kuti maloya sangathe kuwerenga zonsezo m'masiku 70, amaimitsa mlandu ponena kuti chilungamo chikufuna nthawi. Mwachitsanzo, Joaquín Guzmán, El Chapo uja, mkulu wa gulu logulitsa mankhwala osokoneza bongo wa ku Mexico, anafika naye ku America mu Januwale 2017. Mlandu wake unayamba ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu Novembala 2018. Werengani nokha pa zala, ndi miyezi pafupifupi 22.

Ngakhale boma litaphonyadi masikuwo, musafulumire kululutira. Jaji akhoza kuthetsa mlandu koma n'kusiyira boma mpata woutsegulanso. Ndipo loya akapanda kudandaula kuzenga kusanayambe, mwayiwo wapita.

Mukadali nane? Lembani "70" m'makomentimo ndikuoneni.

Chachinayi, kuti tisanamizire majaji: sangangoimitsa mlandu mmene afunira. Ayenera kunena zifukwa zake zilembedwe, ndipo kuchuluka kwa milandu pakhothi si chifukwa chololedwa. Mu 2006, pa mlandu wa Zedner, munthu anali atasainira pepala lakuti wasiya ufulu wozengedwa mlandu mwachangu mpaka kalekale. Khothi Lalikulu la Supreme linati pepalalo n'lopanda ntchito, chifukwa lamuloli limateteza anthu onse, osati woimbidwa mlandu yekha.

Sabata yamawa tikambirana za Sixth Amendment, gawo la malamulo oyendetsera dziko la America lonena za ufulu wa oimbidwa milandu, ndi mlandu wa Barker wa 1972, kumene kulibe n'komwe nambala ya masiku. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.