Makalata a omvera: "Ndinanama kuti mng'ono wanga kulibe"

Takulandirani nonse omvera, a ku Luwinga, a ku Katoto mpaka ku Mchengautuwa. Makalata abwera ambiri sabata ino, koma ilipo imodzi yandisowetsa tulo.

Yachokera kwa mayi a ku Chibavi, apempha tisawatchule dzina. Akuti: "Mng'ono wanga anathawira kwanga usiku, nkhope ili yotupa, mwamuna wake atamumenya. Posakhalitsa alamu anafika ataledzera, chikwanje kumanja, n'kufunsa ngati ali m'nyumba. Ine ndinati kulibe. Pano amayi anzanga a kumpingo akuti ndinachimwa, bodza ndi bodza basi. Kodi ndinalakwa?"

Mayi, funso lanuli lazunguza mitu ya anthu ophunzira kuyambira kale. Mu 1797 Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, analemba kuti ngakhale chigawenga chitagogoda pakhomo kufunafuna mnzako amene wamubisa, usaname. Mfundo yake inali yoti usanachite kanthu udzifunse ngati ungakonde kuti anthu onse azichita chomwecho. Aliyense atamanama zikamuthina, ndani angakhulupirirenso mawu a mnzake? Ndiye amayi a kumpingo aja ali naye wowaikira kumbuyo, ngakhale mwina dzina lake angoyamba kulimva lero.

Ku England, Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill ankati tiziyang'ana zotsatira: chabwino ndi chimene chichepetsa kuvutika n'kuchulukitsa chimwemwe cha anthu. Ikani bodza limodzi mbali ino ya sikelo, moyo wa mng'ono wanu mbali inayo, muona nokha kolemera. Aristotle wa ku Greece ankafunsa kwina, kuti munthu wanzeru ndi wolimba mtima akanatani atakhala pakhomo pamenepo usiku umenewo.

Ine maganizo anga, mayi, simunalakwe. Kant ndimamulemekeza, koma apa sindigwirizana naye. Munthu wa chikwanje uja sankafuna choonadi, ankafuna khosi la mwana wa mayi anu. Anzanu a kumpingowo akatsegule Yoswa mutu 2, akaone zimene Rahabi ananena atabisa azondi padenga. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo umunthu wanu ndi umene unatseka chitseko chija.

Komabe ndikudzudzuleni pang'ono. Bodza lija lakugulirani usiku umodzi wokha. Mawa akabweranso? Mutengeni mng'ono wanu mupite ku polisi, ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kumuletsa mwamunayo kuyandikira mkazi wake. Ankhoswe adziwe, inde, koma nkhani ya chikwanje siyothera pamkeka. Nanunso amayi a kumpingo, mwapitako kukamuona wovulalayo, kapena mwangothera pa kuweruza?

Achimwene a kabaza a ku Zolozolo, mwafunsa chochita ndi foni imene mwatola: ikulira chifukwa mwiniwake akuifuna. Iyankheni.

Mtsikana wa ku Chiputula akufunsa ngati n'kulakwa kuuza agogo kuti ndiwo zakoma pomwe mchere wachuluka. Mwanawe, agogo ayamikire, mawa ukathandize kuthira mchere.

Tsono makalata atatu, wa ku Masasa ndi awiri a ku Chibanja, onse akudandaula za masikelo obera pogula chimanga ndi nyemba. Wina akuti atafunsa, wogulitsa anayankha kuti aliyense amatero, ana adya chiyani. Abale anga, apa ndiye Kant akunena zoona. Inu mukabera mnzanu pa nyemba, wa mafuta ophikira akuberani inu, wa makala naye abera wa mafuta, mapeto ake tonse tikubwerera kunyumba ndi majumbo opepuka. Ndipo musabisale kumbuyo kwa mayi a ku Chibavi aja. Iwo ananama kuti munthu asafe. Mill yemwe uja akanakufunsani kuti pa sikelo yanuyo mwawerengeramo ana a amene mwamuberayo?

Bambo a ku Ekwendeni, kalata yanu ya malire a munda ndi yaitali, tiyamba nayo sabata yamawa.