Mafunso a pa foni si dokotala: kuyezetsa autism munthu atakula

Zikomo, khalani pansi. Akumbuyo mukundimva?

Nonse mwamva za mayi uja, dzina sinditchula. Mwana wake atapezeka ndi autism, komwe ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kokhudza mmene munthu amachezera ndi ena, iye anayamba kudziona yekha m'zimene adokotala ankafotokoza: kudana ndi phokoso, kutopa ndi macheza, kusokonezeka zinthu zikasintha mwadzidzidzi. Usiku anatenga foni, n'kuyankha mafunso 50 a pa intaneti odziyezera autism. Kutacha anataya mankhwala ake a nkhawa, ati vuto lenileni walipeza. Pasanathe mwezi anali chigonere, tulo osabwera. Ndiye ndinene poyamba pomwe: mafunso a pa foni si dokotala, ndipo musasiye mankhwala chifukwa cha foni.

Mafunsowo si abodza ayi. Anawakonza katswiri wa autism Simon Baron-Cohen ndi anzake ku yunivesite ya Cambridge ku England mu 2001, koma ntchito yake ndi kusefa chabe, kuti aone amene akufunika kukaonana ndi katswiri. Munthu wankhawa, kapena wamanyazi basi, atha kupeza malikisi ambiri.

Autism munthu samaitenga atakula, imakhalapo kuyambira ali wakhanda. Pamene dokotala wa maganizo a ana Leo Kanner ankaifotokoza mu 1943 ankanena za ana 11, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankaifunafuna mwa ana okhaokha, makamaka anyamata osalankhula. Wolankhula bwino, wokhoza m'kalasi, ankangomutcha wamwano kapena wodzikonda. Atsikana ndiye ankaphonyedwa kwambiri, chifukwa amaphunzira kubisa. Amaloweza zoyankha, amayang'ana munthu pamphumi kuti aziti akumuyang'ana m'maso, kenako akafika kunyumba amakadzitsekera kuchipinda atatheratu. Mu 2013 buku la madokotala a ku America, DSM-5, linachotsa dzina la Asperger, limene ankapatsa anthu a autism olankhula bwinowa, n'kuika onse pansi pa dzina limodzi la autism.

(Bambo wina: "Ine ndili ndi zaka 52, banja ndili nalo, ntchito ndikugwira. Kuyezetsako kundipindulira chiyani?")

Bambo, mwina palibe chimene mupindule, ndisakunamizeni. Mankhwala ochiza autism kulibe. Sakutengani magazi, sakujambulani mutu. Katswiri amakufunsani kwa maola angapo, amaona mmene mukuchezera naye, ndipo amafuna wina amene anakudziwani muli mwana. Akatswiri oyeza akuluakulu ndi ochepa, kudikira kumatalika, ndalama zimapita, ndipo pamapeto atha kukuuzani kuti si autism. Ena akauzidwa kuti ndi yomweyo amayamba alira kaye, poganiza zaka zonse zimene anadzida pachabe.

Koma taonani Susan Boyle, woimba wa ku Scotland. Anakula akuuzidwa kuti ubongo wake unavulala pobadwa. Atapitirira zaka 50 anamupeza ndi Asperger, ndipo mu 2013 ananena poyera kuti mtima wake unakhala pansi. Pepala la katswiri lotsimikiza kuti muli ndi autism limathandizanso kuntchito: kupempha malo abata, kapena kuti malangizo azikulemberani m'malo mongokuuzani pakamwa. Limathandiza dokotala wanu wa nkhawa kudziwa munthu amene akumuthandiza. Maganizo anga ndi awa, bambo: ngati moyo ukuyenda, palibe akukukakamizani, mutha kudzisamala ku phokoso popanda pepala. Koma ngati ntchito ikukutherani chaka ndi chaka, ngati mwasintha mankhwala kangapo osaona kusintha, pitani.

Inu mayi mukutsina amuna anu apo, ndakuonani. Musapite kunyumba kukawauza kuti mwawapeza ndi autism chifukwa choti salankhula madzulo. Inu si dokotala, foni yanunso si dokotala.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kukhomo, ndifulumire. Lembani papepala zimene zimakuvutani, ndi zitsanzo zenizeni, osangoti "ndimatopa". Funsani amayi anu kapena akulu anu mmene munalili muli ndi zaka 3 kapena 4: munkasewera ndi anzanu, munkatani mukamva phokoso? Ngati malipoti a sukulu alipo, atengeni. Yambirani kwa dokotala amene mumaonana naye kale kuti akutumizeni, ndipo katswiriyo mumufunse ngati anayezapo akuluakulu, makamaka akazi. Mankhwala anu onse mupite nawo, osasiya ndi limodzi lomwe mpaka dokotala anene.

Amene muli ndi mafunso oti simunganene pagulu, mundipeza pakhomo apo.