Opaleshoni Yochotsa Madzi Odzaza M'thumba la Machende

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za vuto limene abambo ambiri amalibisa kwa zaka chifukwa cha manyazi, lomwe ndi kudzaza kwa madzi m'thumba la machende, kapena kuti hydrocele.

Tchende lililonse limakutidwa ndi kathumba kopyapyala, ndipo mkati mwake mumakhala timadzi tochepa timene thupi limapanga ndi kuyamwanso nthawi zonse. Timadziti tikamapangidwa tochuluka kuposa timene tikuyamwidwa, thumba limayamba kutupa pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu, mpaka munthu kufika povutika kuyenda, kupalasa njinga kapena kukhala malo amodzi ndi mkazi wake. Kwa akuluakulu vutoli lingabwere chifukwa cha kuvulala, matenda a m'njira ya umuna, kapena tinyongolotsi ta filaria timene udzudzu umafalitsa, ngakhale kuti nthawi zambiri chifukwa chake sichidziwika.

Dokotala amawalitsa tochi pathumbapo, ndipo ngati muli madzi, kuwala kumadutsa n'kuoneka kofiirira. Angathenso kujambula ndi makina a ultrasound, chifukwa nthawi zina madziwo amabisa chotupa cha khansa, ndipo kutupa kwina kumakhala kwa matumbo amene atsikira m'thumbamo.

Ambiri amafunsa chifukwa chake sangangopopa madziwo ndi jakisoni. Kupopa kumachepetsa kutupa kwa kanthawi chabe, popeza kathumba kamene kamatulutsa madzi kamakhala kakadalipo, motero pakapita masabata kapena miyezi madzi amadzazanso, ndipo kubaya kulikonse kungalowetse tizilombo. Opaleshoni imakonza kathumba kenikeniko, n'chifukwa chake ndi imene imathetsa vutoli kwa anthu ambiri.

Pa tsiku la opaleshoni wodwala amagonetsedwa tulo, kapena amabayidwa mankhwala kumsana kapena pamalo pomwepo kuti asamve ululu. Dokotala amacheka pang'ono pathumba, n'kuboola kathumba kaja, ndipo madzi achikasu amatuluka. Kenako amasankha njira malinga ndi mmene kathumbako kalili. Njira imene anafotokoza dokotala wa ku France, Mathieu Jaboulay, ndi yotembenuza kathumbako kuti mkati mukhale kunja, n'kukasokera kumbuyo kwa tchende, kotero kuti madzi alionse amene angatuluke amayamwidwa ndi minofu yozungulira. Njira ya dokotala wina, Peter Lord, ya m'chaka cha 1964, ndi yokapinda ndi ulusi ngati mmene telala amapindira nsalu, ndipo imayenera kathumba kakakhala kopyapyala. Kathumba kakakhala kokhuthala, monga zimakhalira vuto likakhalitsa, mbali yaikulu imadulidwa. Tchende lenilenilo silichotsedwa, ndipo mfundo imeneyi ndikuitsindika chifukwa mantha otaya mphamvu yobereka ndi amene amachedwetsa anthu ambiri. Ntchito yonse nthawi zambiri sipitirira ola limodzi, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Kwa makanda nkhani ndi yosiyana, chifukwa madzi amachokera m'mimba kudzera m'kanjira kamene sikanatsekeke. Kanjirako kamatsekeka kokha kwa ana ambiri asanakwanitse zaka 2, ndipo kakapanda kutsekeka dokotala amacheka pamphechepeche n'kukamanga.

Opaleshoni ikatha, thumba limatupabe ndi kulimba kwa masabata angapo, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti opaleshoni yalephereka. Valani kabudula wamkati wogwira bwino, samalani bala kuti likhale laukhondo ndi louma, ndipo pewani kunyamula zolemera ndi kugonana kwa masabata 2 mpaka 4, kapena mpaka dokotala atakulolani. Ulusi umene amasokera nthawi zambiri umasungunuka wokha.

Mavuto amene angabuke ndi kuundana kwa magazi m'thumba, kulowa kwa tizilombo pabala, ndi kubwereranso kwa madzi kwa anthu ochepa. Mukaona thumba likutupa mofulumira, bala likutuluka mafinya, thupi likutentha kapena ululu ukukulirakulira, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo aliyense amene wamva ululu woopsa wadzidzidzi m'tchende, kaya anachitidwa opaleshoni kapena ayi, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa tchende likapotokola limatha kufa m'maola ochepa magazi akasiya kufikako.