Musanasankhe njira yowotchera khansa ya prostate

Achimwene, mwaswera bwanji? Ndamva kuti adokotala akuti musankhe... dikirani nditseke chitseko. Eya, akuti musankhe njira yowotchera khansa ija.

Njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Ya mashini, mumangogona, cheza n'kumalowa kuchokera kunja. Ena amapita maulendo 20 m'masabata 4, ena mpaka 39, ena 5 okha koma amphamvu. Inayo amati brachytherapy, amaika timbewu ta cheza m'kati mwa prostate momwemo, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Koma musanasankhe, auzeni adokotala mmene mukukodzera panopa. Zoona zake, osachita manyazi. Mukudzuka kangati usiku, mkodzo ukutuluka mwamphamvu kapena ukungodontha. Timbewu tija timatupitsa prostate, ndiye ngati mukukodza movutikira kale, mutha kutsekeka mpaka kukuikani kachubu kotulutsira mkodzo. N'chifukwa chake ine ndinasankha mashini.

Tsono madzi, mukasankha mashini. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Amafuna chikhodzodzo chidzaze, koma kuchimbudzi mukhale mwapita. Ayi, musasokoneze, chimbudzi mupite, mkodzo musunge. Tsiku lililonse mofanana ndi tsiku la sikani yoyamba imene amakujambulani musanayambe kuwotchedwa, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo kutali ndi cheza. Ine tsiku lina mzere unatalika, ndinapirira, ndinapirira, kenaka ndinakakodza mwakachetechete osauza munthu. Atandigoneka anaona pa sikani, anandidzutsa, ndikamwenso madzi, ndidikirenso. Zikakuthinani, auzeni anamwino. Auzeni basi.

Za m'tsogolo... mphamvu za kuchipinda sizitha tsiku limodzi, zimatsika pang'onopang'ono pa zaka, ndiye mlamu akhalepo pokambirana. Jakisoni wa mahomoni mufunse, miyezi 6 kapena mpaka zaka 3? Amatenthetsa thupi, amafooketsanso mafupa. Pali mkulu wina tinkadikira naye limodzi, anaona magazi m'chimbudzi patapita zaka ziwiri, n'kukhala chete miyezi, eti akuopa kuti khansa yabwerera. Chonsecho anatiuziratu kuti cheza chimatha kuvulaza timitsempha ta m'matumbo, ndipo mankhwala ake alipo. Anakafika kuchipatala magazi atachepa m'thupi.

China, PSA, muyezo wa m'magazi woonera mmene khansayi ikuyendera, imatsika mochedwa, nthawi zina imakwerako pang'ono n'kutsikanso, musakomoke. Komanso, ndikanaiwala, opaleshoni pambuyo powotcha imavuta kwambiri, mufunsiretu zimenezo. Mulembe mafunsowa papepala, mupite nalo.