UPS mukaizula kukhoma moto udakalimo: nkhani ya mabatire

Zikomo nonse amene mwabwera, a kumbuyoko senderani kuno chifukwa pali zinthu ndikufuna muzione ndi maso anu. Chomwe takumanirana mukuchidziwa kale, zija zachitika ku ofesi yathu sabata yathayi. UPS ya pansi pa tebulo, bokosi lija losunga moto kuti kompyuta isathime magetsi akathima, inayamba kununkha, mnyamata wathu nkuizula kukhoma nkuitsegula kuti aone chavuta nchiyani, sikuludiraiva nkugunda mitu yonse iwiri ya batire, moto nkuthetheka mpaka kumuwotcha zala. Ali bwino, zala zikupola. Ndipo sindikumunena ayi, iye anaganiza kuti ndazula pulagi ndiye mulibe moto, ambiri tikanaganizanso choncho.

Ndiye gwirani mawu awa. UPS mukaizula kukhoma, moto udakalimo. Ntchito yake ndi imeneyo basi, kupereka moto pamene kukhoma kulibe. Mkatimo muli batire la 12V, kenako muli mbali ina imene imakweza motowo kuti ufanane ndi wa pasoketi, ndiye mukazula pulagi iyo imangoona ngati magetsi athima, nkuyamba kugwira ntchito. Mulinso makapasita amene amasunga moto kwa kanthawi ngakhale mwaithimitsa. Batire lokhalo la 12V silingakugwireni mukakhudza ndi dzanja louma, koma chitsulo chikalumikiza mitu iwiri ija chimapsa pompo, mphete kapena wotchi yachitsulo ikhoza kukuwotchani koopsa. Vulani zimenezo musanayambe.

Taonani ili ndanyamulali, ndi lomwe linatuluka mu UPS ija. Mbali zake zafufuma, mukaliika patebulo silikhazikika, likugwedera, ndipo apa pamutu wofiira pali zoyera ngati ufa. Mabatire ambiri a ma UPS ang'onoang'ono ndi otere, alembedwa 12V 7Ah kapena 9Ah, Ah ameneyo akunena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, ndi omata, sathiridwa madzi. Mkati muli zipinda 6 za mtovu ndi asidi, chilichonse chimapereka ma volts awiri ndi pang'ono. Moyo wake ndi zaka 3 mpaka 5, osati mpaka kalekale ayi. Ndipo zakazo amawerengera pamalo pofunda madigiri 25, kukamatentha kupitirira apo ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wake umadulidwa pakati.

Apa ndiye ndikudzudzulaniko pang'ono abale anga. UPS mumaikankhira kukona, kuiphimba ndi nsalu kuti isade, pamwamba pake kuunjika mafailo, timabowo topumira tonse tadzadza fumbi. Mukuiphikatu imeneyo. Kwina ndinapeza munthu atamata selotepi pa kabowo kotulukira phokoso ati ikumusokosera, inakhala ikulira miyezi, tsiku lomwe magetsi anathimadi kompyuta inathimira limodzi, ntchito yonse yomwe anali asanaisunge nkupita. Kulira kuja ikukuuzani chinachake. Magetsi akathima imalira mwa apo ndi apo, batire likamatha imalira mofulumira, ndipo ikamalira osalekeza nthawi zambiri ndiye kuti mwaisenzetsa katundu wambiri kapena yawonongeka. Kaliridwe kamasiyana malinga ndi mtundu, ndiye kabuku kaja musamataye limodzi ndi katoni. Ndipo chonde ketulo, ayironi, hita, pulinta ya laser, zimenezi pa UPS ayi. Yolembedwa 650VA mphamvu yake yeniyeni imakhala ma watts 360 kapena kupitirira pang'ono, pamene ketulo yokha imafuna pafupifupi 2000.

Tsopano kuyeza. Kosavuta kwambiri sikufuna kutsegula chilichonse. Isiyeni itchaje usiku wonse, m'mawa lumikizani babu kapena kompyuta yomwe mulibe ntchito yofunika, kenako thimitsani swichi ya pasoketi, pulagi isiyeni momwemo kuti waya wa earth ukhalebe wolumikizika. Yang'anani nthawi. Ikathima nthawi yomweyo kapena patangopita masekondi, pamene kale inkakhala mphindi zingapo, batire latha. Getsi lobiriwira lija lisakunamizeni, limangonena kuti kukhoma kuli moto.

Amene muli ndi mita yoyezera ma volts, batire mulichotse kaye. Thimitsani UPS pa batani lake, zulani pulagi, vulani mphete, ndipo kumbukirani, moto udakalimo. Zulani waya wakuda kenako wofiira, bolodi musaikhudze. Lisiyeni batire lipume maola angapo, mita muiike pa DC 20V, chofiira ku chofiira chakuda ku chakuda. Lodzadza bwino limaonetsa 12.6 mpaka 12.9. Likaonetsa cha m'ma 12.0 pamene latchaja usiku wonse, lafooka. Likaonetsa cha m'ma 10.5 ndiye kuti mwina chipinda chimodzi chafa, limenelo silidzukanso.

Koma apa mpamene ambiri amanamizika. Batire lakufa likhoza kukuonetsani 12.7 bwinobwino. Zili ngati munthu wodwala, atakhala pampando amaoneka wamphamvu, mumusenzetse katundu ndiye muone. Ndiye tengani babu la galimoto la 12V 21W, lija la mabuleki, lumikizani ku batire mita ili pomwepo. Batire labwino limatsika pang'ono nkukhazikika cha m'ma 12 kwa nthawi ndithu. Lakufa mudzaona manambala akuthamanga, 11.5, 11, 10, babu nkuyamba kufiira mukuona. Kuyeza kwenikweni ndi kumeneko.

(Bambo wina akufunsa ngati angaikemo batire la galimoto kuti moto uzikhalitsa.)

Eya bambo, funso limeneli ndimalidikira. Kuyaka iyaka, sindikunamizani, ma volts ndi omwewo 12. Koma taganizani. Tchaja ya mkatimo ndi yaing'ono, anaipangira batire la 7Ah, inu mukuipatsa la 45 kapena 60Ah, itenga masiku kuti ilidzadze, ndiye magetsi akamathimathima batirelo lizingokhala losadzadza, ndipo batire la mtovu likamakhala losadzadza limawonongeka msanga. Chachiwiri, ka UPS kakang'ono anakapanga kuti kagwire ntchito mphindi zochepa zoti musunge ntchito nkuthimitsa kompyuta, tambiri tilibe ndi fani yomwe. Batire laling'ono lija limatha thiransifoma isanatenthe kwambiri. Inu mukaika lalikulu kazigwira maola, kutentha kuja kupita kuti? Mpamene pulasitiki imayamba kusungunuka. Chachitatu, batire la galimoto analipangira kulizira injini, moto wambiri kwa masekondi ochepa, silikonda kuphwetsedwa mpaka pansi kawirikawiri. Komanso likamatchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka, nanga m'chipinda chotseka momwe mukugona ana? Ndiye bambo ngati mukufuna moto wa maola, pezani inveta, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pasoketi, ndi batire lopangidwira ntchito imeneyo, mawaya onenepa ndi fyuzi pafupi ndi batire. Chimodzimodzi mabatire a lithium, osangosomeka poti akwana, katchajidwe kake nkosiyana pokhapokha alembedwe kuti ndi olowa m'malo mwa amenewa.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Batire lotupa, long'ambika, lotentha kapena lonunkha dzira lowola musaliyeze nkomwe, musalitchajenso, thimitsani, tsegulani mawindo, litulutseni mutavala magolovesi. Pogula latsopano ma volts akhale omwewo, kukula komweko, muonenso timitu take chifukwa pali tating'ono ndi totambalala, F1 ndi F2, mukalakwitsa waya umakhala wolobodoka nkumatentha. Ngati UPS yanu ili ndi mabatire awiri olumikizana kupanga 24V sinthani onse limodzi, lakale limapha latsopano. Jambulani mawaya pafoni musanazule. Pobwezera kakhoza kuthetheka pang'ono, zimachitika. Lembani deti pabatire ndi maka, itchaje maola osachepera 8 musanaidalire. Mwaika latsopano koma ikuthimabe, onani fyuzi kapena kabatani kakumbuyo, apo ayi ndi tchaja, imayenera kupereka 13.5 mpaka 13.8, koma kuyeza kumeneko kumachitika UPS ili pamoto ndiye asiyireni amisiri. UPS yongosungidwa muziitchaja miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse. Batire lakale osataya kudzala, osawotcha, osapatsa ana aziseweretsa, mtovu ndi poizoni, kaperekeni kwa amene amatolera mabatire akale.

Ndipo musanagwire sikuludiraiva, kaya mwazula pulagi kaya magetsi athima dera lonse, moto udakalimo. Amene mwabwera ndi ma UPS anu bweretsani kutsogolo kuno, babu ndi mita ndili nazo, tiyambe ndi ya amayi apa.